Chipinda cha Abla Sawsan sichitsekedwa

A Mkulu wa chipatala, Dokotala Essam. Madokotala anzanga, anamwino ndi azamba. A Ustaz Ramzi, amuna awo a Abla Sawsan, dokotala amene tonse timawatcha Abla, kutanthauza achemwali, pamodzi ndi ana ndi zidzukulu: mtendere ukhale nanu nonse. Ine ndine Tahani. Andiuza kuti ndiyankhule mwachidule komanso mwaulemu. Zachidulezo ndiyesetsa.

Ndiyambe ndi zimene tonse tikunong'onezana m'makhonde. Akuti Abla akapuma pantchito, chipinda chawo chounikira mitima ya ana osabadwa chitsekedwa, chifukwa chimachedwetsa mzere wa amayi odikira. A Mkulu, imwani tiyi wanu mwamtendere, ndikubwererani.

Abla, musandiyang'anitse choncho, lero ndikuululani! Makina ounikira mimba atangofika kuno ku Asyut, tonse tinali ongotuluka kumene kusukulu. Tsiku lina Abla anatuluka m'chipinda ali wefuwefu. "Thamangani! Mwana uyu mtima uli kumanja!" Akuluakulu anasiya nyemba zawo m'mbale kudzaona zodabwitsa. Mmodzi anangowagwira dzanja n'kutembenuza kachida koyendetsa pamimba kaja. Pomwepo mtima unabwerera kumanzere. Anali atakagwira chozondoka! Kuyambira tsikulo sayamba kuunika asanatsimikize kumanzere ndi kumanja, ndipo ambiri muno munamenyedwapo padzanja chifukwa choiwala zimenezi.

Nanga khalidwe lawo lija? Mayi akubwera kudzaunikidwa, kumbuyo kuli apongozi, alamu, azakhali, chipinda tho! Mafuta asanafike n'komwe pamimba, apongozi ayambapo: "Wamwamuna kodi, dokotala?" Abla osacheuka: "Hagga, mayi wanga, khalani pansi. Mitsempha kaye." Mtauni muno aliyense amadziwa kuti kwa Sawsan sumva za mwamuna kapena mkazi mpaka ataona mitsempha inayi yochokera m'mapapo ikuthira magazi mumtima. Timitsempha take n'tating'ono ngati ulusi. Mwana akafulatira, Abla amadikira. A Ustaz Ramzi, chakudya chozizira chimene mwadya zaka zonsezi, tikhululukireni.

Kuchedwako ndiye ntchito yake, anthuni. Ndikukumbuka mayi wina wakumudzi, dzina lake Sabah. Abla anaona kamtsempha kowonjezera kumanzere kwa mtima wa mwana wake. Pakokha nthawi zambiri sikavuta, koma iwo amati mlendo wotere sayenda yekha. Anafufuza impso, matumbo, msana. Kenako anapeza kuti mitsempha ya m'mapapo ikuthira magazi kolakwika. Mwana wotere amabadwa wooneka bwinobwino, posakhalitsa milomo yabiriwira. Anati akaberekere ku Cairo, pafupi ndi madokotala a opaleshoni. Apongozi aamuna anakana. "Ana a m'nyumba yanga amabadwira pano!" Lachisanu lotsatira Abla anakwera minibasi mpaka kumudziko, n'kukhala pabwalo. "Hagg, bambo wanga, sindimwa tiyi wanu mpaka mutavomera." Mlendo kukana tiyi, anthu akuona! Bambowo anachita thukuta, anagonja. Mwanayo ndi mtsikana, pano ali kusekondale, ndipo akuti pakamwa m'pamoto ngati pa Abla.

Si onse anapulumuka, tisanamizane. Ndinawaonapo Abla atagwira dzanja la mayi wina akumuuza zoona, osabisa, osathawa maso ake, kenako n'kukalira okha kumasitepe. Abla Sawsan, zikomo. Mwatiphunzitsa kuyang'anitsitsa, ndiponso kulimba mtima ponena zimene taona. Ndikusowani, mchemwali wanga, ndipo zikundiwawa.

Tsopano a Mkulu, ndabwera. Mukuti chipindachi chimachedwetsa mzere. N'zoona, chimachedwetsa! Kuunika kwachangu kumene mukufunako kumaona mutu, miyendo, n'kuuza apongozi zimene abwerera. Timitsempha sikutiona ayi. Ndiye mwana akadzabiriwira m'manja mwa mayi wake kumudzi, kutali ndi mpeni wa dokotala, adzapite ndani kukapepesa? Ine ayi. Abla apuma, koma ine sindinapume. Ife amene anatiphunzitsa tadzaza holo ino. Lamlungu m'mawa, poyamba sabata ya ntchito kuno, amayi adzatsika m'maminibasi monga mwa masiku onse, ndipo adzandipeza pampando uja. Wofuna kutulutsa makinawo adzanyamule ndi ine ndemwe, ndipo mukundiona, sindine wopepuka.

Abla, pitani mukapume. Mukagone mpaka dzuwa likwere, mukalere zidzukulu, Mulungu akupatseni moyo wautali. Zakuno musade nazo nkhawa.

Tiyeni tonse tiimirire, tiwaombere m'manja mpaka kumsewu amve. Inunso a Mkulu, ikani kapu pansi. Tikukuonani!