Ndidaseka Tsitsi la Maliro Lisanamere

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Eni mudzi a kuno ku Makhanga, moni. Inu mwawoloka pa bwato kuchokera kwa Mlolo, takhuta, zikomo pobwera.

Ndaima pano chifukwa cha mawu amene akulu ampingo adayankhula Sabata lathali. Adati ife akuluakulu tikuchititsa manyazi. Adati aphunzitsi akamaonetsa ana zithunzi zawo zija timadzaza ndife, anyamata omera ndevu, azimayi a ana kumbuyo, mpaka eni ake ana kusowa pokhala. Adafunsa kuti kodi munthu wamkulu amafunanji pa chule wojambula? Amene amayamba kufika kumeneko ndine. Ndiye ndiloleni ndiyankhe ndine.

Alendo amene simunazione, zili chonchi. Aphunzitsi ali ndi bokosi, mkati mwake muli nyali. Masana amatseka mazenera a sukulu ndi mphasa, napachika nsalu yoyera pakhoma. Akalowetsa kagalasi m'bokosimo, pansalu paja pamatuluka chimunthu chonenepa, chachipewa, musi uli m'manja. Pansi pali kachule. Chimunthu chija ndi musi, phwaa! Kachule kaphwatalala. Aphunzitsi akakoka galasi, kachule kadzuka, kakhala pa chipewa cha chimunthucho. Basi, zatha. Zimenezo ndi zimene zidandilanditsa mwana.

Ine kwathu ndi kwa Makhuwira. Kuno ndidabwera ndi ukwati. Mwamuna wanga anali Msena, adandilowola, choncho ana anali a kuchimuna. Tinali ndi atatu: Zuze, Ntsayi, ndi wotsiriza Chanazi. Pa nkhondo ya azungu ija, bambo awo adawatenga kukasenza katundu. Sadabwerere. Palibe adatiuza pomwe adagwera. Nkhondo itatha kudabwera chimfine chija mukuchikumbukira nonsenu. Chidatenga Zuze. Makasu a kumanda asanatsukidwe, chidatenganso Ntsayi. Adandimeta mpala. Ndidalira, ndidalira, mpaka misozi idaphwa. Ndidatsala ndi Chanazi yekha, mano a ubwana asanaguluke.

Tsiku lina ndidamusowa pakhomo. Anthu adati watsatira anzake kusukulu. Nthawi imeneyo sindinali wopemphera, pakhomo pa sukulu ndinali ndisanapondepo. Ndidathamanga, nkukankha mphasa ya pakhomo, ndikupeza mkati muli bii. Pansalu pali chimunthu chija. Abale, chipewa chake, mimba yake, ndendende kapitawo amene adadzamanga mwamuna wanga! Musi uja, phwaa! Mtima wanga udati, nakonso kafa. Ndidatsinzina. Ndikumva ana akuseka. Ndikutsegula maso, kachule kali pa chipewa, kakutupa pakhosi.

Sindikudziwa kumene kuseka kuja kudachokera. Sindidakuitane ayi. Kudangophulika. Ndidaseka mpaka kugwira khoma, mpaka nthiti kuwawa. Ndidaseka mutu uli mbee, tsitsi la maliro lisanamere. Ndipo pakhomo panali anthu, adandiona.

Nkhani idafika kumudzi ine ndisanafike. Paja masiku amenewo akuluakulu ankati m'bokosi muja mzungu adatsekeramo zithunzithunzi za anthu akufa. Si amati zithunzi? Ndidapeza apongozi anga, amayi ake a mwamuna wanga, ataima pabwalo, abale awo atawazungulira.

"Iwe," adatero, "waona yani m'bokosi muja kuti useke chonchi? Waona ana ako udadya aja, eti? Wawazindikira?"

Ndidagwada. Ndidati, "Amayi, ndi chule chabe."

"Mwamva? Mdzukulu wanga akumutcha chule!"

Mwabvi sadandimwetse, ankaopa Boma. Bola akadandimwetsa, ndikadasanza nkhani nkuthera pomwepo. Iwo adachita choposa mwabvi. Adamuchotsa Chanazi m'manja mwanga. Miphika yanga adaiponya panja. Ndidapempha kuti ndizigona ngakhale pakhonde, ndizimva mwana akamatsokomola. Apongozi adakana m'Chisena chawo, "Nkhabe!" Kenako adamugwira mwana chibwano, nkumuuza ine ndikumva: "Chilichonse chochokera m'manja mwa mkazi uyu usadye. Zuze adayamba choncho."

Mwina muti bwanji sudabwerere kwanu? Ndikadapita bwanji mwana ali kuno? Ndidamanga kamsasa m'mphepete mwa dambo. Udzudzu udandidya. Chakudya changa chinali nyika, zija timazula pansi pa madzi chaka cha njala. Zina ndinkawotcha, nkuzikulunga m'tsamba, nkuzisiya panjira yomwe Chanazi ankadutsa popita kuchitsime. Ndinkazipeza zitapondedwa.

Tsono tsiku lina ndidakumana nawo panjirapo. Ana a m'mudzi adayamba kundigenda ndi matope, monga ankachitira masiku onse. Zimenezo ndinali nditazolowera. Koma tsikulo apongozi adawerama, adaumba chibuma, nkuchiika m'manja mwa Chanazi. Adati, "Genda." Mwana adagenda. Kamkono kochepa, chibuma chidagwera panjira. Apongozi adaumba china. Adati, "Sendera pafupi." Adasendera. Chachiwiricho chidandipeza pa bere lomwe adayamwa. Mwana adati, "Mfiti." Mawuwo sankatha nkuwatchula komwe bwino.

Abale ndi alongo, pamenepo ndidatha. Ndidatha! Ndidapita kudambo, kumadzi akuya kumene azimayi amaopa kuzulako nyika. Ndidalowa mpaka m'khosi. Ndidaima, ndikuitana ng'ona mumtima. Bwera, bwera unditenge. Dzuwa lidapendeka. Ng'ona nayonso idandikana.

Amene adabwera ndi akazi a aphunzitsi, pa kabwato, nawonso akufuna nyika. Adandiyang'ana. Adadziwa. Sadandilalikire, sadandifunse ngati ndine mfiti. Adangoti, "Mayi, tulukanimo. Kusukulu kukusowa wogwira mphasa ya pazenera. Mphepo ikumaikupiza, zithunzi osaoneka." Tamverani mmene Mulungu amaitanira! Ena adawaitana ndi moto wa pachitsamba. Ine adandiitana kukagwira mphasa.

Ndidapita. Adandipatsa pogona kuseri kwa khitchini yawo. Mawu a Mulungu ndidayamba kuwamva kumeneko, pang'onopang'ono, poti mutu wanga ndi wouma. Tsiku la zithunzi ndinkaima mkati, pazenera, manja pamphasa. Kachule kakadzuka ndinkaseka chotseka pakamwa. Ndipo Chanazi adayambanso kuzemba kwa agogo ake nkumabwera. Akandiona ankathawira mbali ina ya nyumba, koma sankatuluka. Chule ankamukoka kuposa mmene ankandiopera. Ine osamuyandikira, kuopa kuti angaleke kubwera.

Masana ena ndidamva munthu akukankha mphasa cha kunja. Pamphasapo panali kabowo. Ndidamva fungo la fodya wa pamphuno, ndipo ndidalidziwa. Apongozi! Adabwera ndi kamkwapulo kudzatenga mwana, ndiye ankasuzumira kuti aone pomwe wakhala. Nthawi yomweyo musi uja, phwaa! Ndidamva kunjako, "Ii!" Aphunzitsi adakoka galasi. Kachule pa chipewa. Ndikumva, khi. Khi-khi. Kenako chiphwete chenicheni, cha munthu woiwala kuti ali pati.

Ndidasiya mphasa igwe.

Kuwala kudalowa, chithunzi chidazimirira, ana onse adacheuka. Anthu amene ankasuzumira m'mazenera ena adathamangira komweko. Apongozi ali chiimire, kukamwa kuli yasa, mkwapulo m'manja.

Ndidati, "Amayi, inu mwaona yani? Mwadya yani inu?"

Aphunzitsi adandidzudzula pambuyo pake, kuti Mkhristu sabwezera. Ndidamva. Koma mawu anali atatuluka, ndipo ndinganame ndikati ndidawalirira.

Apongozi adayang'ana nsalu ija, ili yoyera yopanda kanthu. Adati chapansipansi, "Ndimayesa kafa." Adakhala pansi pa dothi. Adayamba kulira, kuitana dzina la mwana wawo, mwamuna wanga, amene sadamuike m'manda. Palibe adawagwira. Atatha adadzuka nkumapita. Mkwapulo adausiya pomwepo, Chanazinso sadamuitane. Mpaka adamwalira sadandiuze kuti pepa. Amene adataya miphika yanga ena muli muno, nanunso simudanene. Ndidasiya kudikira.

Akulu ampingo, yankho lanu ndi limenelo. Ana amaseka chule chifukwa ndi chule. Ife takumba manda, tikudziwa kuti chophwanyidwa ndi musi sichidzuka. Amuna athu sadadzuke, ana athu sadadzuke, ndipo wachipewa uja adakalamba bwinobwino pakhomo pake. Tsono pali nsalu imodzi m'dziko muno pamene kanthu kakang'ono kamaphwanyidwa nkudzuka maso athu akuona. Za kuuka kwa akufa mumatiwerengera m'buku, ndipo ndimakhulupirira. Koma ine mutu wanga udayamba kuzimva pa chule. Anyamata omera ndevu aja musawathamangitse, ambiri a iwo ndi ana amasiye.

Musaganize kuti zidatha tsiku lomwelo. Chanazi adatsala kusukulu, inde, koma m'manja mwanga sankadya. Ankadya kwa akazi a aphunzitsi. Ndikamupatsa kanthu ankabisa manja kumbuyo. Ndinkayamba ndaluma ine kuti aone, iye nkupukusa mutu. Madzi adasefukira, adaphwa, tidabzala kudimba, tidakolola. Mwana wanga yemwe, kugona nyumba imodzi, osalandira ngakhale madzi akumwa kwa ine.

Tsiku lina la zithunzi adakhala pafupi ndi zenera langa, poti kwina kunali kutadzaza. Ndinali ndi mbatata yowotcha m'dzanja, ndikudya. Musi, phwaa! Chule pa chipewa. Iye akuseka, maso ali pansalu, adangotambasula kamkono monga amachitira ana, nkubenthula mbatata ija m'dzanja langa. Adatafuna. Adameza.

Kenako adazindikira. Kuseka kudatha. Adagwira pamimba, nkundiyang'ana. Adati, "Ndifa lero?"

Ndidati, "Sufa, mwananga."

"Mawa?"

"Ngakhale mawa."

Sadandikhulupirire. Tsiku lonselo adakhala pakhonde, manja pamimba, kudikira imfa. Mwana wamng'ono chonchija, kudikira imfa ya m'manja mwa mayi ake! Kutacha adadzuka, adadzigwiragwira mikono, adatuluka panja. Adabwera kudzaima pomwe ndinkakoleza moto. Adaima nthawi yaitali. Adati, "Yatsala ina?"

Ndiye ndikuthokoza Mulungu. Ndikuthokoza akazi a aphunzitsi. Ndidabatizidwa. Ndili ndi kanyumba kanga kuseri kwa sukulu, kadimba ka mbatata ndi nyemba, nkhuku zingapo. Sindidakwatiwenso. Zuze ndi Ntsayi ali komwe ali. Mphasa ndimagwirabe ndine, ndipo tsopano ndimaseka kukamwa kuli pululu, wofuna kunena anene.

Chanazi ndi uyo wakhala kutsogoloyo, wasinkhuka, akuwerenga. Mpaka lero ndikamupatsa chakudya amayamba wachinunkhiza. Iye sadziwa kuti amatero. Ine ndimaona, tsiku ndi tsiku ndimaona. Koma amadya, abale anga. Yamikani Mulungu pamodzi nane. Amadya.