Chachikulu Mkati, Kakang'ono Panja

Madamu wa saluni anadzimana zaka zitatu kuti agule makina oziziritsa mpweya, ndipo makinawo anafika m'mawa wa tsiku limene ankayembekezera mkwatibwi. Mkwatibwiyo Madamu anachita kumulanda kwa Neba, mtsikana amene Madamu anamuphunzitsa okha kugwira chipeso, iye n'kukatsegula saluni yake khoma limodzi ndi iwo. Wodzaika makinawo anali mlamu wawo, a Levulo, bambo amene ukawafunsa ngati akudziwa nthawi amati "eya" n'kumapita.

"Alamu, chimenecho mukupita nacho kuti?" anafunsa Madamu ataona chimakina chachikulu cha fani chili pa wilibala.

"Kuseri."

"Kuseri koyanika mathaulo?"

"Komweko. Ichi n'chapanja. Chamkati ndi icho." Analoza kabokosi koyera, katalikatali, kali phee pa benchi.

Madamu anakayang'ana monga amayang'anira tsitsi lolukidwa kwa Neba. "Aka? Zaka zitatu osagula ngakhale nsapato, kuti anthu azilowa muno n'kuona aka?"

"Kaoneke kasaoneke, kamaziziritsa."

"Imani kaye. Pa ziwirizi, cholemera n'chiti?"

"Chachikulu."

"Chodula?"

"Chachikulu."

"Chogwira ntchito yeniyeni?"

"Mtima uli m'chachikulu."

"Ehe! Ndiye mtima ukagone ndi mathaulo, kaulesi aka kakhale pamthunzi? Sukulu yanu ya makina ija munkalowera pawindo eti?"

"Pakhomo," anatero a Levulo. "Alamu, chachikuluchi chimapuma mpweya wotentha."

"Nanga ine ndimapuma wozizira? Mwandionapo ndikukhala kuseri?"

"Ayi. Inu mumakhala mkati."

"Basitu!"

A Levulo anatula wilibala, n'kutambasula manja ngati akunyamula beseni. "Kakang'ono kamatola kutentha. Kamatumiza m'paipi. Chachikulu chimataya. Pamene chakhala chachikulu, m'pamene kutentha kumatayidwa."

Madamu sanamve n'limodzi lomwe. M'mutu mwawo munali mayi ake a mkwatibwi, mzimayi wa pakamwa potentha amene akayamikira malo, mpingo wonse umakakonzetsa tsitsi komweko. Kwa Neba kunali kafani ka patebulo kongopukusa mutu tsiku lonse, ndipo Madamu ankafuna kusiyanako kuoneke munthu asanakhale n'komwe pansi.

"Achimwene anu anakuuzani chiyani pokutumani kuno?"

"Anati, 'Ukachite zimene akanene mlamu wako, ine ndikufuna mtendere.'"

"Ndiye?"

"Nenani."

"Chachikulu apa, pakona, moyang'ana pakhomo."

"Kakang'ono?"

"Kaponyeni panja."

A Levulo anakanyamula n'kuyamba kuyeza ndi maso mtunda wa pakhomo.

"Kupachika, alamu! Kupachika! Mayo ine!"

"Paipi ndi yaifupi. Kafika pakhonde pokha, cha pa chitseko cha a Neba."

Madamu anawomba m'manja. "Pomwepo! Azikaona akamatsegula, azikaona akamatseka, mtima uzimuwawa. Koma chigwira ntchito?"

"Chigwira. Makina sadziwa kuti panja ndi pati."

Ntchito yokha a Levulo ankaidziwa, zimenezo tisawanamizire. Anabowola khoma, analumikiza mapaipi a kopa, anamanga mabawuti, ndipo anaika levulo yawo pamwamba kanayi konse mpaka kathovu kanaima pakati penipeni. Chinthu chopusa chinaikidwa mowongoka bwino kwambiri. Madamu anachipukuta ndi thaulo latsopano n'kukhazikapo maluwa apulasitiki.

Cha m'ma leveni mkwatibwi analowa ndi mayi ake ndi operekeza asanu. Madamu anamukhazika pa mpando wa pakati, n'kukweza rimoti m'mwamba kuti aliyense aione.

"Lozani pakhomo," anatero a Levulo. "Rimoti imamvera kakang'ono."

Madamu analoza pakhomo n'kudina. Chachikulu chinabangula. Maluwa anagwa, ndipo mawigi atatu anachoka pa misomali n'kukatera pamiyendo pa mayi a mkwatibwi.

"Mphamvu zimenezo, mayi," anatero Madamu akutola mawigi. "Si za kafani ka patebulo izi."

Anayamba kudzoza mkwatibwi. Pasanathe mphindi khumi phaudala anasanduka phala, ndipo thukuta linkatsika m'masaya likusiya tinjira.

"Alamu," ananong'ona Madamu, mano ali gwa, "bwanji muno mukutentha?"

"Chikugwira."

"Chikugwira chiyani?"

"Ntchito."

"Nanga kuzizira kuli kuti?"

"Kulipo."

"Ndichite bwanji kuti kuchuluke?"

"Tsitsani nambala."

Madamu anadina, anadina, mpaka nambala inakana kutsika. Chachikulu chinabangula kawiri kuposa poyamba, ndipo mpweya wake unali wa chowumitsira tsitsi. Nsidze yomata ya mkwatibwi inamatuka n'kulendewera. Mwana wa eni akeyo anaimirira, misozi ili lengelenge, n'kunena kuti akapumeko kaye panja. Mayi ake anamutsatira. Operekeza nawo anatuluka mmodzimmodzi.

Apa mantha anawagwira Madamu zenizeni, koma kutuluka kukawanyengerera Neba akuona, ayi ndithu. "Abwera," anatero akudzikupiza ndi magazini. "Alamu, taimani pakhomopo. Akutani?"

A Levulo anasuzumira. "Aima."

"Pati?"

"Pansi pa kakang'ono."

"Ndiye?"

"Atseka maso. Akumwetulira."

"Akumwetulira chiyani pa msewu?"

"Tsopano akhala."

"Pansi? Ndi zovala zimenezo?"

"Pa mipando."

"Ya ndani?"

"Ya a Neba. Atulutsanso kalilole."

Madamu anamva miyendo ikuzizira, ndipo ndi malo okhawo amene anazizira m'saluni monsemo. "Alamu, mukufuna kundiuza kuti mphepo yanga yonse ili pakhonde?"

"Pomwe pali kakang'ono."

"Munkadziwa?"

"Eya."

"Osandikaniza?"

"Achimwene anati akufuna mtendere."

"Chotsani! Sinthanitsani pompano!"

"Kupopa gasi, kumasula, kubowolanso, kuyeza ndi levulo. Cha m'ma folo."

"Ukwati ndi wa thuu koloko!"

"Ndiye ukwati uyamba, ine ndisanamalize."

Madamu anagwera pa mpando wa mkwatibwi, bulauzi itamatirira kumsana. M'kalilole anaona mzimayi wa nsidze zosungunuka atagwira rimoti ngati ndodo yaufumu, ndipo kuseri kwake chimakina chikupuma mosangalala. Panja kunamveka kuseka, ndipo mawu okwera kwambiri anali a mayi a mkwatibwi, akuitana munthu pafoni kuti abwere adzaone malo abwino.

Wina anaitana a Levulo. Anatuluka, n'kubweranso atavula chipewa.

"Chiyaninso?" anakalipa Madamu. "Wabwera kudzapepesa?"

"Ayi. A Neba akuti zikomo kwambiri. Koma akupempha mukwezeko nambala pang'ono, mkwatibwi wawo akumva kuzizira."