Swipa wa Panyumba

Pa siteji ya Nyimba, bambo wina wonyamula nkhuku, akudikila galimoto ya ku Mwape, anayamba kucheza ndi amai ogulitsa nthochi.

"Akazi anga ndi swipa, amai."

"Wosesa? Mwana wa eni mwamusandutsa tsache?"

"Iyayi! Pa mpila swipa amaima kumbuyo kwa anzake onse. Ena akaphonya, iye amachotsa. Ng'ombe zikalowa m'dimba ine ndili ku mpila, amazithamangitsa ndi iwo."

"Nanga inu mumamenya namba chani?"

"Ine ndine kochi."

"Oho. Nanga nkhukuyo?"

"Ndikukapepesa kwa apongozi. Swipa anathawila kwawo mailo."

"Imeneyo ndi transifa, bambo. Akavomela kubwelela, kochi atsike pa benchi, tsache agwile yekha."