Mahatchi Anayi a Bambo Kluske

Malemu athu, Bambo Neville Arthur Kluske, anabadwa pa 9 Juni 1957 pafamu ya tirigu ya makolo awo kuno ku Yantarra, ndipo anali achitatu m'banja la ana asanu. Anayamba sukulu m'tauni muno mu 1963. Anaisiya ali ndi zaka khumi ndi zisanu, aphunzitsi atalemba kuti mwanayu masamu amawadziwa koma amakangana ndi mayankho a m'buku. Mu 1973 anapita ku Port Lincoln kukaphunzira umakaniko, ndipo mu 1979 anabwerera kudzatsegula galaja ija yoyang'anana ndi nkhokwe za tirigu.

Pa 21 Novembala 1981 anamanga banja ndi Mayi Glenys m'tchalitchi chino. Kuukwatiko anafika pa galimoto yawo ya Holden yobiriwira ya 1978, yomwe yaima panjapo lero. Mayi Glenys amanena kuti analowa mitala osadziwa, koma sanadandaule chifukwa mkazi mnzawoyo ankagona kugalaja. Ambuye anawadalitsa ndi ana awiri, Craig ndi Tegan.

Nonse mukudziwa kuti mwamuna wa m'tauni muno akafuna kunama amanama za mahatchi a injini yake, muyeso uja wa mphamvu za galimoto. Malemu zimenezi zinkawanyansa. Mu 1998 anagula kabokosi komata pagalasi lakutsogolo, kamene kamamva changu chimene galimoto ikunyamukira. Mukakauza kulemera kwa galimoto pamodzi ndi woyendetsa, iko kamakuwerengerani mahatchi. Kuyambira chaka chimenecho, Lamlungu lililonse mapemphero akatha, a gulu la okonda magalimoto ankasonkhana kubwalo lakale la ndege. Lamulo la malemu linali lakuti kabokosi kasanamatidwe, galimoto iyambe yakwera pasikelo ya malole ya kunkhokwe, mwini wake ali momwemo. Ankati kabokosi sikanama, kamangobwereza bodza limene munthu wakauza. Kenaka maulendo atatu molimbana ndi mphepo, atatu mobwerera, ndipo nambala yapakati ndiyo inkalembedwa ndi choko pabolodi la kugalaja. Ambiri a inu munachoka pabwalopo mahatchi makumi anayi atakutherani m'manja. Bambo Col Dempsey, anzawo a paubwana, anatha miyezi iwiri osawapatsa moni.

Holden yawo, iwo ali momwemo, inkalemera makilogalamu 1,500, ndipo kuyambira mu 2009 inkatulutsa mahatchi 296. Malemu ankafuna 300. Kwa zaka khumi ndi zitatu anamasula ichi, kumanga icho, nambala osasuntha. Popeza galimoto ndi mwini wake sankasintha, anadzikhululukira lamulo la sikelo, ndipo palibe anawafunsa. Mu 2022 anagonja, naleka kugwira injiniyo.

Mu Malichi 2023 nambala inayamba kukwera yokha. Inafika 297, mu Meyi 298, mu Julayi 299. Agulu ankati ndi kuzizira, popeza injini imakonda mpweya wozizira. Miyezi yomweyo thupi la malemu linkatsika, koma kwa Mayi Glenys ankati asiya mowa ndi mapayi a nyama, ndipo tonse tinkawayamikira. Pa 10 Sepitembala 2023 kabokosi kanaonetsa 300. Bambo Col analemba nambalayo ndi dzanja lawo, anthu anaotcha masoseji pabwalo la ndege. Malemu anagwirana chanza ndi aliyense, koma sosejiyo anangoigwira mpaka inazizira.

Mu Okutobala mwana wawo Tegan, amene anaphunzira za makina ku Adelaide, anabwera kudzaona makolo. Anaima pabolodi nthawi yaitali. Injini yosagwidwa siiwonjezera mphamvu, ndipo kukanakhala kuzizira, magalimoto enawo akanakweranso. Chotsala chinali kulemera. Galimoto yopepuka imanyamuka msanga, ndipo kabokosi, pokhulupirira 1,500 yakale ija, kamayesa kuti mphamvu yachuluka. Anawerengera napeza kuti mahatchi anayi akufanana ndi makilogalamu makumi awiri. Anafufuza m'galimoto: tayala lapadera lilimo, jeke ilimo, mipando yonse ilimo. Kenaka anayang'ana bambo ake, ali m'ovolo yowakulira, atavala majuzi awiri tsiku lotentha.

"Bambo, tiyeni kusikelo."

Malemu anati sikelo n'njotseka mpaka nyengo yokolola. Tegan anawaonetsa makiyi, amene anali atabwereka kale kwa woyang'anira nkhokwe.

"Mwana iwe, ndinakutumiza kusukulu kuti udzagwire ine?"

"Lamulo ndi lanu, bambo. Ine ndangolipeza."

Malemu anayendetsa okha mpaka pasikelo. Inaonetsa 1,480. Ali chikhalire m'galimotomo, anamuuza mwana wawo kuti iwo anadziwa kuyambira mu Malichi, pakuti munthu amene wayeza magalimoto zaka makumi awiri ndi zisanu sanamizidwa ndi hatchi imodzi yongobwera yokha. Chakudya chinali chikuwakana, m'mimba mukuwawa. Ankadziwa kuti akakonza nambala m'kabokosi ndiye kuti avomera kuti akudwala, ndipo akapanda kuikonza 300 ibwera. Anati ankaopa dokotala, ankaopanso kufufuta bolodi, ndipo sanadziwe chimene ankachiopa koposa.

M'mawa mwake Mayi Glenys anapita nawo kuchipatala. Pa 6 Novembala 2023 madokotala ku Adelaide anapeza khansa ya m'mimba, itafalikira kale. Analandira chithandizo miyezi isanu ndi iwiri, ndipo mu Juni 2024 anapempha kubwerera kunyumba. Kangapo konse anatuma uthenga kugalaja kuti 300 ija ifufutidwe, koma Bambo Col ndi agulu anakana, nati nambalayo malemu anaigula ndi thupi lawo ndipo palibe angailande. Malemu anayankha kuti anachotsera theka la tauni ino mahatchi onama, ndiye sangapite kumanda atakwera anayi osakhala awo. Anatipempha kuti ngati bolodi silikonzedwa, tidzanene zimenezi pamaso panu, nchifukwa chake mwazimva lero.

Anatisiya masana a Lachisanu, pa 2 Ogasiti 2024, kunyumba kwawo, ali ndi zaka 67, akazi awo ndi ana awo ali pambali.

Malemu asiya Mayi Glenys, ana awiri, Craig ndi Tegan, mpongozi wawo Narelle, zidzukulu zitatu, ndi mlongo wawo mmodzi, Mayi Lorraine Heinrich.

A banja akuthokoza anamwino amene ankayenda makilomita makumi asanu ndi atatu kudzawaona kunyumba, Abusa ndi amayi a mpingo amene akonza tiyi ndi masangweji kuholo, ndiponso agulu amene adzaza msewu wonse ndi magalimoto awo. Mwapadera tikuthokoza Bambo Col Dempsey. M'mawa uno, asanabwere kudzanyamula bokosi la anzawo, anadzera kugalaja ali okha, nafufuta 300 ija ndi mkono wa jekete lawo la maliro, nalemba 296.

Bambo Neville, pumani mumtendere wa Ambuye. Bolodi lakonzedwa.