Chipongwe cha pa Drafuti Chinandipezera Ntchito

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine bambo Phiri a ku Matero, ndipo ndinakhala pa ulova zaka zitatu kampani ya boma imene ndinkagwirako itagulitsidwa. Mkazi wanga, amake Chisomo, anatopa kutidyetsa ndi tomato wa pamsika. Anandiuza kuti Khirisimasi ikandipeza ndilibe ntchito, iye ndi ana abwerera ku Chipata. Ndinachita mantha, ndipo ndinapemphera mpaka mawondo kuuma.

Tsiku lililonse mkazi wanga ankandituma ku kafe ya intaneti kukafuna ntchito. Ndiulule, abale: ntchito sindinkafuna. Ndinapezako drafuti yosewera ndi anthu akunja pa kompyuta. Ine katswiri wa drafuti ya zitsekerero za mabotolo m'Matero monse, ndinakumana ndi Mfalansa wina amene ankandidya ngati mtedza, kenako n'kulemba mawu m'chinenero chake. Kugonja ndinkapirira, koma kunyozedwa osamva kunandiwawa kwambiri.

Ndinakopera mawuwo papepala n'kupita nawo kwa ba Ilunga, telala wa ku Congo wa mumpingo mwathu.

"Ba Ilunga, uyu muntu akamba chani?"

"Akamba ati fulumirani, musewera monga nkhalamba."

"Nipunziseni vomuyankha."

Ine amene ndinkathawa Chingelezi kusukulu, ndinakhala miyezi isanu pambali pa makina osokera, kuloweza Chifalansa ndi mkwiyo wokhawokha. Mfalansayo sindinamugonjetsepo, koma pakamwa tinayamba kufanana.

Disembala itayamba, ba Ilunga anamva kuti kampani ya malole opita ku Congo ikufuna kalaliki wodziwa Chifalansa. Ndinapita kukayesa mwayi. Bwana wake anati tiyerekeze kuti lole yaima pa boda masiku atatu, iye ndiye wapaboda amene wagwira mapepala ake, ndimulankhule m'Chifalansa. Ndinatsinzina n'kuitana Yesu chamumtima, ndipo amene anandibwerera m'maganizo ndi mdani wanga uja. Chifalansa chinatuluka chokha: "Fulumirani bambo, mukuchedwa dala. Mukubera. Pano sindichoka mpaka timalize."

"Muyambe pa Mande," anatero bwanayo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anadutsira m'chipongwe cha munthu wosamudziwa kuti asunge banja langa. Musataye mtima, abale, ngakhale mukugonja tsiku ndi tsiku. Amake Chisomo anamasula katundu wawo, ndipo mpaka lero amauza anzawo kuti mwamuna wawo anali wakhama pofuna ntchito pa intaneti. Zoona zake akuziwerenga lero limodzi nanu, choncho musaleke kundipempherera.