Ulendo Wanga wa ku Maputo Anandidyera Mlamu

Aulutsi, mundiwerengereko nkhaniyi, mwina mtima ungaphwe. Ndine mayi wa ku Mandimba, kuno ku Mozambique.

Nthawi ya nkhondo ija, mpingo unandisankha kupita ku msonkhano wa amayi ku Maputo. Koma sabata imene malo anapezeka mundege ku Cuamba, ine n'kuti nditaolokera ku Malawi kukasinthitsa chimanga ndi mchere. Mchere masiku amenewo unali ngati mankhwala, ana a lero sangamvetse. Pobwera ndinapeza atatumiza mlamu wanga, munthu woti ngakhale nyimbo sayambitsa.

Amayi ena amene anapita nawo ankasimba kuti anawakweza machimbombo, basi ya mawindo akuluakulu, yongozungulira mzinda kuti alendo aone. Akuti nyumba zosanjikizana, nyanja yamchere, amwenye, azungu, Matchaina, onse mumsewu umodzi. Ine nsanje inandigwira, chakudya osalowa.

Ndinapita kwa mlamu. "Mlamu, poti munandidyera ulendo, ndisimbireni bwinobwino. Munaonako chiyani?"

"Aa, mlamu, galimoto itangonyamuka ine ndinawerama, mutu pamaondo, monga timachitira pa koluna, mdipiti wa magalimoto uja, asilikali akamatiperekeza ku Cuamba. Pawindo amakuwombera."

"Ulendo wonse?"

"Wonse. Koma nsapato ndinaziona. Mayi amene amatifotokozera za mzindawo m'basimo anavala zofiira."

Nkhondo inatha, mlamu timapatsanabe moni, koma ku Maputo sindinapondeko, ndipo maso anga ayamba kuchita nkhungu. Amayi a m'mipingo, mukamasankha munthu womutuma kutali, muziyamba mwamufunsa ngati akadzutse mutu.