Ndinachira Poperekeza a Zuze

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni kwa nonse amene mawu awa akufikani. Ine ndine Lekisoni Mbewe, ndimawotcherera zitsulo pa boma la Chadiza: mafelemu a mawindo, zitseko ndi ngolo zothyoka. Ndikufuna kuchitira umboni za mmene Mulungu anandilanditsira ku matenda a bipi, kuthamanga kwa magazi, amene anatsala pang'ono kundipha ziwalo. Mpaka lero ndikakumbukira njira imene anasankha pondichiritsa, thupi langa limachita tsemwe.

Ndinayamba kunyamula zitsulo zolimbitsa thupi ndili mnyamata. Kuseri kwa shopu yanga ndinadzipangira benchi, ndinatenga ekiselo ya galimoto yakufa kukhala mpiringidzo, ndipo zolemera ndinaumba ndi simenti m'zitini za penti. Pamsika ankanditcha Chimunthu, ndipo sindikubisirani, dzinalo linkandikomera. Wonyamula zitsulo amadya, ndiye ine ndinkadya mosanyengerera: mazira, tchipisi, nyama ya mbuzi yootcha yamchere wambiri, maheu pamwamba. Akatumba anakuladi, koma mimba nayo sinafune kutsalira. Inafika poti ndikamalowa m'tchalitchi, iyo inkayamba kulowa ine ndikadali pakhomo.

Kenako ndinamva za mpikisano wa oonetsa minofu ku Chipata, ndipo mtima unadumpha. Koma kumeneko safuna kukula kokha, amafuna mafuta achoke kuti minofu ioneke mizeremizere. Anzanga a pabenchi anagawanika pawiri. Ena ankati ndiziyenda ndawala kwa ola lathunthu tsiku lililonse, chifukwa mafuta amasungunuka pang'onopang'ono koma minofu siitha. Ena, pamodzi ndi mavidiyo a pafoni, ankati ndizithamanga liwiro la mtondo wadooka kwa kanthawi, kupuma, kuthamanganso, ndipo ntchito idzatha msanga. Ine ndinasankha liwiro. Ndinawaseka oyendawo, ndinati kuyenda n'kwa azimayi opita kuchigayo.

Ndinayamba m'mamawa uliwonse pabwalo la mpira, kuchokera pagolo ili kukafika pagolo ilo. Ndikamaliza ndinkaona nyenyezi masana, miyendo ikunjenjemera, ndipo njala imene inkandigwira pambuyo pake inali yoopsa. Zimene ndatentha pabwalo ndinkakazibwezera kawiri pa chiwaya cha tchipisi. Mutu unkandiwawa chakumbuyoku, koma ndinkati ndiko kugwira ntchito kwa masewerawo. Sindinaganizeko zokayezetsa bipi, pakuti ndinkakhulupirira kuti munthu wokhala ndi mikono ngati yanga sangadwale.

Sabata yachitatu ndinagwa pakati pa bwalo. Mkono wamanzere unachita dzanzi, mlomo unakhota, ndipo lilime linalemera moti sindinathe ngakhale kuitana. Azimayi ochokera kumjigo ndiwo anandiona n'kukuwa. Anandikweza pa ngolo imene ndinawotcherera ine ndemwe, amuna anayi akubuula ndi kulemera kwanga, mpaka kukiliniki. Pofika madzulo mkono unabwerera ndipo mlomo unawongoka. Adokotala anandiuza mosapita m'mbali kuti bipi yanga inali pamwamba kwambiri, mwina kwa zaka, ndipo chimene chinandigwetsa chinali chenjezo chabe. Anandipatsa mankhwala, anandiletsa zitsulo ndi liwiro, anati ndichepetse mchere ndi mafuta, ndipo ndiziyenda tsiku lililonse. Anamaliza ndi mawu awa: "A Mbewe, chikabweranso ichi, mwina simudzadzukanso pamphasa."

Mawu amenewo anandilasa chifukwa mphasayo ndinkaidziwa. Atate anga anafa mbali imodzi, ndipo anagona zaka zinayi amayi akuwatembenuza, kuwasambitsa ndi kuwadyetsa. Ndinayang'ana akazi anga, amake Chisomo, munthu wochepa thupi amene ndimatha kumunyamula ndi mkono umodzi. Ndinadzifunsa kuti iyeyu adzanditembenuza bwanji ine. Ndinachita mantha, abale, mantha enieni amene sindinawamvepo chibadwire.

Mwina mukuti, nanga bwanji osangoyenda monga ananenera adokotala? Inu a kuno mukudziwa kuti munthu wamkulu sayenda wopanda kopita. Wothamanga anthu amamumvetsa, amati ndi masewera. Koma bambo wa banja kungoyendayenda manja ali lende, ameneyo ndiye kuti wasokonezeka mutu kapena akusaka mkazi wa mwini. Tsiku loyamba ndisanafike n'kumsika komwe, anthu asanu anali atandifunsa kumene ndikupita. Wanjinga yamoto anaima kuti andikweze ulere pondimvera chisoni, ndipo kumbuyo ndinamva wina akunong'ona kuti Chimunthu chatha. Ndinabwerera kunyumba ndi manyazi, ndipo sindinayesenso.

Miyezi iwiri ndinangokhala, kuchoka pampando wa kushopu kupita pampando wa pakhonde. Mankhwala ndinkamwa, koma kukiliniki bipi inkangotsika pang'ono n'kuima. Minofu inayamba kulendewera, mimba ikukulirakulira. Chala chikangochita dzanzi pang'ono, ndinkati basi, chabwera. Ndinkapemphera mokwiya, kuuza Mulungu kuti andichiritse lero lomwe, kamodzin'kamodzi, monga anachitira ndi opuwala a m'Baibulo. Ngakhale Mulunguyo ndinkafuna kuti athamange liwiro.

Tsiku lina cha m'ma 15 awazi kunabwera a Zuze. A Zuze ndi mkulu wa mpingo wathu amene amayendera odwala, nkhalamba yowonda, ya jekete limodzi lomwelo chilimwe ndi dzinja. Anabwera kuno wapansi kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, n'kukhazikika m'mudzi wina panjira ya ku Zingalume. Mwana wawo Mariya amagulitsa mtedza pamsika, ndipo ndiye ankawabweretsa pa boma m'mawa pakaliyala ya njinga. Ine ndinkayembekezera pemphero lamoto, lofuula mpaka anansi amve. Iwo anangopemphera mawu ochepa, motsitsa, ngati akulankhula ndi mnzawo wokhala naye pafupi. Atatero anaimirira n'kunena kuti, "Tiyeni mundiperekeze, mwanawe."

Mlendo sachoka pakhomo yekha, makamaka wamkulu ngati ameneyo, ndiye ndinavala patapata n'kunyamuka. Ndinkati ndikawasiya pamsewu. Koma titangofika pamsewupo, iwo anaika dzanja paphewa langa n'kuyamba nkhani ya ng'ombe yawo imene inathawa ndi goli. Munthu wamkulu sumudula mawu, choncho ndinapitiriza kuyenda. Nkhani ya ng'ombeyo inatha titadutsa chigayo.

Mawa lake anabweranso, ndipo nkhani inatha titapitirira sukulu. Mkuja wake tinafika pamunda wa mtedza wa a Phiri. Nkhalamba imeneyi inali ndi luso loyambitsa nkhani yatsopano pamalo enieni amene woperekeza amati, "Muyende bwino." Pomatha mwezi ndinali kufika nawo pakhomo pawo penipeni, kuoloka kamtsinje ka pafupi ndi mudzi wawo, kumwa madzi, n'kubwerera ndekha mtunda wonsewo. Patapata ndinazisiya, ndinayamba kuvala nsapato. Anthu ofunsafunsa aja tsopano ndinali ndi chowayankha. Ndinkati ndikuperekeza amdala, kapena ndikuchokera koperekeza amdala, ndipo ankandiyamikira kuti ndine mwana waulemu.

Tinkayenda mwa nkhalamba, koma osaima. Thukuta linkatuluka pang'ono, mpweya unkakwana moti ndinkatha kuyankha nkhani zawo, ndipo ndikafika kunyumba njala yolusa ija kunalibe. Mawondo sankawawa, ndiye mawa lake ndinkatha kuyendanso, pamene liwiro lija linkandisiya wothyokathyoka masiku awiri. Buluku linayamba kukhwepa m'chiuno, koma malaya m'mapewa anali othinabe. Ndinaboola lamba ndi msomali, patapita masabata ndinaboolanso. Komabe ndivomere tchimo langa: m'mtima ndinkadziona ngati ndikuchitira chifundo nkhalamba yosowa wocheza naye, ndipo masiku ena ndikaiona ikubwera ndinkadandaula.

Mvula itayamba, tsiku lina tinapeza kamtsinje kaja katadzaza, miyala yopondapo ikungooneka nsonga. Ndinawauza kuti aponde pamwala woyamba, ine ndiwagwira. Iwo anaima chilili.

"Mwala uti, mwanawe?"

"Uwo atate, uli patsogolo panupo."

Anagwiritsitsa phewa langa, madzi akungosokosa. Kenako anati, "Ine miyala ndinasiya kuiona chaka chatha."

Ndinawayang'ana m'maso kwa nthawi yoyamba mosamala, ndipo ndinaona ng'ala yoyera m'maso onse awiri. Miyezi inayi ndikuyenda ndi munthu, dzanja lake lili paphewa langa, osazindikira kanthu! Pomwepo anandifotokozera zonse. Anati asanabwere kwanga anagwera m'ngalande pobwerera kwawo, ndipo Mariya analamula kuti zoyendera odwala zithe, azikhala pakhomo. Iwo anapempha sabata imodzi yokha, ndipo sabata yonseyo ankalirira Mulungu kuti awatsegule maso, pakuti kukhala pakhomo kwa iwo kunali ngati kuikidwa m'manda ali moyo. Lamulungu lake abusa anawatchulira dzina langa kuti ndikudwala.

"Nditagwira phewa lanuli," anatero, "ndinati, Ambuye, ndinapempha maso awiri, Inu mwandipatsa maso ndi mzati womwe."

Ndinakhala pansi pamatope pomwepo n'kulira ngati mwana, ine Chimunthu. Amuna awiri tinkapemphera, wina pa boma wina kumudzi, aliyense akufuna chozizwitsa cha tsiku limodzi. Mulungu anatimva tonse, ndipo anatenga vuto la wina kukhala mankhwala a mnzake. Iwo sankadziwa kuti adokotala anandilamula kuyenda, ine sindinkadziwa kuti saona. Amene ankadziwa zonse ziwiri ndi Mmodzi yekha. Ndinavula nsapato, ndinapinda buluku, ndipo tinaoloka m'madzi titagwirana manja.

Sabata yotsatira linali tsiku langa la kukiliniki. Anesi anandimanga lamba woyezera pamkono, anayang'ana, n'kumasula. Anamanganso pamkono winawo, anayang'ananso, kenako anapita kukaitana adokotala. Mtima wanga unali m'mwamba. Adokotala anawerenga kakadi kanga, anandikweza pasikelo, ndipo anandifunsa chimene ndakhala ndikuchita. Nditati ndimaperekeza mlendo, anaseka mpaka kugwira tebulo. Anati bipi yafika pabwino, mankhwala ndisasiye, kuyendako ndisasiye, ndipo zitsulo ndingayambirenso zopepuka, osabanika mpweya ponyamula.

Ku mpikisano wa ku Chipata sindinapite, ndipo sizindiwawa. Ku Chipata ndinapita ndi a Zuze pa minibasi kukaonetsa maso awo, ndipo anatiuza kuti ng'alayo ikhoza kuchotsedwa, tikudikira tsiku. Kwa inu anzanga a pabenchi, sindikunena kuti liwiro ndi tchimo. Kwa wachinyamata wa thupi lopepuka, amene wayezetsa bipi ndipo ali bwino, liwiro lili ndi ntchito yake. Koma ngati uli wolemera ngati mmene ndinaliri, yamba wayezetsa, ndipo usanyoze kuyenda. Ine mizere ya pamimba imene ndinkaifuna ndi liwiro ndinayamba kuiona ndikutsatira mayendedwe a nkhalamba yosaona.

Tsiku la kukiliniki lija nditafika kunyumba, ndinapeza amake Chisomo akusenda mtedza pakhonde. Nditawauza mawu a adokotala, anaika lichero pansi n'kuphimba nkhope ndi chitenje. Atatonthola anandiululira chinthu chimene anabisa miyezi yonseyi. Anati ine ndikakhala kushopu, iwo ankalowa m'nkhokwe n'kumayeserera kutembenuza thumba lodzaza chimanga, kuti tsiku loipalo likadzafika adzakhale atazolowera. Ndinangogwada pambali pawo, ndipo tinayamika Mulungu tonse awiri.

Ndikuthokoza Ambuye amene anandisungira ziwalo zanga, ndikuthokoza a Zuze, a kukiliniki, ndi mkazi wanga wolimba mtima. Iwe amene wapemphera mpaka kutopa ndipo ukuona ngati kumwamba kwatsekedwa, usaleke. Mwina yankho lako linafika kale, likubwera pakhomo pako tsiku ndi tsiku, ndipo iwe ukuliona ngati chintchito. Dzuka uliperekeze. Ulemerero ukhale kwa Mulungu, amene sachedwa ngakhale akuyenda pang'onopang'ono. Ameni.